Mpando wa a Nangozo

Pali mawu ena amene timawamva tikadali ana, n'kukula nawo osafunsa n'komwe kuti anawayamba ndani. Amakhala ngati chitseko cha nyumba imene tinabadwiramo: timachitsekula tsiku ndi tsiku, koma dzina la amene anachipala sitilidziwa. Mawu a m'nkhani ino akuti anachokera pa mpando. Inde, mpando wokhalira.

Kale, misewu yambiri ya ku Zomba isanathiridwe phula, kumudzi wina wa ku Ntcheu kunali mtsikana dzina lake Delifa. Bambo ake, a Lufeyo, anali mmisiri wosema mipando, ndipo anali ndi kachitidwe kawokawo. Sankagwira sompho asanaone mwini mpandoyo atakhala pansi. Ankamukhazika munthu pachipika, n'kumucheza nkhani za mvula ndi za mbuzi, uku akuyang'anitsitsa m'mene msana wake wapindikira ndi pamene mapazi ake afika. Anthu ofulumira ankanyinyirika nazo, koma a Lufeyo ankangoti, “Mpando wopanda mwini ndi nkhuni.”

Mwa mipando yonse imene anasema, umodzi wokha ndi umene sunatuluke pakhomo. Unali wa akazi awo, a Nangozo. Mayiwa anadwala ali khanda, ndipo mwendo wawo wamanzere unatsalira: unali wowonda, waufupi, moti poyenda ankatsimphina atagwira ndodo. Akakhala pampando wamba, mwendowo unkalendewera osafika pansi, ndipo pakapita kanthawi chiuno chinkayamba kuwawa. Tsono a Lufeyo anatenga chipika chimodzi cha mlombwa n'kusema mpando wopanda msomali ngakhale umodzi. Potsamira msana anasemapo nkhanga ziwiri zoyang'anizana. Kutsogolo, mbali ya kumanzere, anasiya kachopondera kotulukira ngati lilime, kuti phazi lalifupilo lizipumirapo. Munthu wina aliyense akakhalapo ankamva ngati mpandowo ukumukankha, koma a Nangozo akakhalapo ankaoneka ngati munthu amene wafika kwawo.

Delifa anakulira m'mphepete mwa mpandowo. Koma tsiku lina ali kamtsikana, akuchokera kuchitsime ndi amayi ake, anacheuka n'kuona anzake atandandalika pambuyo pawo, aliyense akutsimphina motsanzira, manja ali kukamwa kubisa kuseka. Anathawira kunyumba akulira. Bambo ake anaika sompho pansi, n'kumukhazika pa kachopondera kaja, ndipo anamuuza mawu ena motsitsa. Delifa sanawasamale mawuwo, poti misozi inali itatseka ndi makutu omwe. Chimene anaphunzira tsiku limenelo chinali china: kuyambira pamenepo, akamayenda ndi amayi ake pagulu, ankatsogola patali kapena kutsalira m'mbuyo ngati akuchotsa minga kuphazi. A Nangozo ankaziona zonsezi.

Zaka zinapita. A Lufeyo anamwalira, Delifa anakula, ndipo anakwatiwa ndi Gelesomu, mnyamata wofatsa amene ankagwira ntchito ya ukalaliki ku Zomba. Tsiku lonyamuka, katundu akukwezedwa pamwamba pa basi, Delifa anadabwa kuona amalume ake akubwera atasenza mpando wa mlombwa uja.

“Amayi, nanga ichi n'chiyani? Inu muzikhalira chiyani kuno?”

“Mphasa ilipo,” anatero a Nangozo. “Utsogole uwu. Ukauike pabwino, kuti ine ndikadzabwera ndidzapeze malo anga alipo kale.”

“Mphasa imakupwetekani chiuno, Amayi.”

“Iwe, basi ikusiya. Kwera.”

Nyumba ya ku Zomba inali ya njerwa, ya zipinda zingapo, koma yopanda kanthu. Mawu ankabwerera kuchokera ku makoma. Pabalaza panali mpando wa a Nangozo wokha, utaima pakona ngati mlendo wofika eni ake asanadzuke.

Woyamba kudzacheza anali Mayi Sapuwa, mkazi wa mkulu wa makalaliki, mayi wamtima wabwino ndithu koma wosadziwa kumeza mawu. Analowa, n'kuyang'ana uku ndi uku, maso n'kukafika pakona paja.

“Aa, mwana wanga, nanga ichi? Ndi mpando kapena chokwerera pabulu?” Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya mpango. “Musadandaule, tonse tinabwera ndi zathu zakumudzi. Ine ndinabwera ndi mtondo, amuna anga anachita kuubisa kuseri. Mawa ndikutengani kwa Che Ndembo mukaone katundu weniweni.”

Delifa nayenso anaseka, koma anamva nkhope ikutentha ngati tsiku lija la kuchitsime.

Masiku amenewo amayi a m'tauni sankakonda katundu watsopano wonunkha utoto. Ankafuna wakale, wa mitengo yolimba, wochokera m'nyumba za kumaesiteti eni ake akamasamuka. Amene ankatolera katundu wotere anali Che Ndembo, nkhalamba yaifupi yovala kofia, yolankhula osapumira, imene inali ndi chisakasa chachikulu kuseri kwa msika. M'chisakasamo munali makabati, matebulo, mabedi achitsulo, magalasi othimbirira, ndi timipando tosema ta m'midzi tounjikidwa pamwamba pa zinzake.

“Lowani, mayi, lowani, kuona n'kwaulere,” anatero Che Ndembo. “Koma katundu wakale sasankhidwa ndi maso okha ngati nsalu. Gogodani. Nunkhizani. Tembenuzani muone kunsi. Chinthu chokongola pamwamba pokha chili ngati ine ndikavala kofia, simungadziwe kuti mkatimu muli dazi.”

Delifa anali wamanyazi, koma anali mwana wa mmisiri. Anayenda pang'onopang'ono pakati pa katunduyo, akugogoda ndi chala. Kabati imodzi yonyezimira anaisiya ataona kaufa kachikasu pansi pake, chizindikiro chakuti yafumbwa mkati. Anatsekula bokosi lina losaoneka bwino, fungo la mkungudza n'kumuomba kumaso, ndipo anati, “Ili.” Anasankhanso tebulo la mbawa lokhala ndi chipsera cha nsimbi pakona. Kenaka anaona mipando itatu yofanana, ya mbawa, yamiyendo yaitali yopyapyala, pokhalira pake poluka. Anaikonda pomwepo.

“Itatu yokha?” anafunsa Mayi Sapuwa. “Tebulo la mbali zinayi, mipando itatu? Anthu adzati mwini nyumba amadyera choimirira.”

“Wachinayi ulipo,” anayankha Che Ndembo, akumenya mpando umene anakhalira. “Ndi uwu. Koma uwu sindigulitsa. Unazolowerana ndi ine, ndipo ndi wokhawu m'Zomba muno umene sudandaula ndikamalankhula.”

Madzulo ake Che Ndembo anabweretsa katunduyo pangolo yokankha. Atalowa pabalaza n'kuona mpando wa mlombwa uja, anaima. Anauzungulira, n'kusisita nkhanga zija ndi chala.

“Mayi, wasema uwu ndani?”

“Bambo anga. Anamwalira.”

“Anali ndi manja. Taonani nthenga izi. Mabwana ena amafunafuna zoterezi, zosema za m'midzi, akuti zili ndi moyo.” Anagunda kachopondera kaja ndi phazi. “Chaipitsa ndi chotupa ichi basi. Tamverani: mundipatse uwu, ine ndikupatsani wachinayi uja. Palibe wolipira mnzake.”

“Iyayi,” anatero Delifa. “Ndi wa amayi anga.”

Anakana ndithu tsiku limenelo. Koma mipando itatu ija itazungulira tebulo, wa mlombwa unayamba kuoneka ngati munthu wa zigamba paukwati. Delifa anausunthira kuchipinda chogona. Kumeneko Gelesomu anapunthwa pa kachopondera kaja m'mamawa akuthamangira kuntchito, ndipo ngakhale sanadandaule, Delifa anautengera kukhitchini. Kukhitchini kunali kothina. Pomaliza unakathera m'kachipinda kosungira makasu, utasenza thumba la makala.

“Kodi si wa apongozi uja?” anafunsa Gelesomu tsiku lina atauona kumeneko.

“Ndi womwewo. Ndidzautulutsa akamadzabwera.”

Gelesomu amayi ake anamusiya ali wamng'ono kwambiri moti nkhope yawo sankaikumbukira. Anayang'ana mpandowo kanthawi, n'kuchotsapo thumba la makala lija, n'kuliika pansi.

Amayi a m'deralo anali ndi chizolowezi chomwa tiyi kunyumba kwa mmodzi wa iwo mosinthanasinthana. Nthawi ya Delifa itayandikira, tulo tinayamba kumuvuta. Ankaima pabalaza n'kumayang'ana mbali yopanda mpando ija, ikuoneka ngati mkamwa mogweluka dzino. Ndipo anayamba kudziuza zinthu zimene munthu amadziuza akafuna kuchita chimene mtima ukukana. Amayi sabwera msanga, adikira akolole. Akadzabwera adzakhala pampando wabwino kuposa uja. Kodi iwo sayenera kulawako zabwino? Tsiku lina Gelesomu ali kuntchito, anatumiza mawu kwa Che Ndembo. Ngolo inabwera ndi mpando wa mbawa, n'kubwerera ndi wa mlombwa, nkhanga zake zitayang'ana kumwamba.

Chimene Delifa sanachiganizire n'chakuti iye anali woyembekezera, ndipo nkhani yotere sidikira kukolola. Mayi wina wa kwawo amene anamuona kumsika anakafikitsa mawuwo kumudzi. Tsiku loti mawa lake kuli tiyi, Delifa akusesa pakhonde anamva kugogoda kumene ankakudziwa kuposa mawu ena onse padziko: phazi, ndodo, phazi, ndodo. A Nangozo anali pachipata, kamtolo kali pamutu, fumbi la ulendo lili mbuu m'miyendo.

“Amayi!”

“Ndamva,” anatero a Nangozo, akumuyang'ana pamimba kenaka kumaso. “Mwana woyamba salandiridwa ndi anthu achilendo. Tandilandira mtolowu, muli mtedza ndi nyemba za chipere.”

Analowa pabalaza. Maso a a Nangozo anayenda pang'onopang'ono: bokosi, tebulo, mipando inayi. Anafika pakona ina, n'kupita pakona inzake. Delifa anaima pakhomo atagwira mtolo, akudikira funso. Funsolo silinabwere.

“Wasankha bwino, mwana wanga,” anatero a Nangozo. “Mbawa yeniyeni iyi. Bambo ako akanakondwa kuti maso awo anatsalira mwa iwe.”

Anatsamiritsa ndodo kukhoma n'kukwera pa umodzi wa mipandoyo. Phazi lamanja linafika pansi. Lamanzere linatsala m'malere, likugwedezeka pang'ono ngati la mwana. Delifa anawaphikira tiyi, ndipo anacheza za kumudzi, za mbuzi imene inaswa mapasa, za denga limene amalume anafolera. Delifa ankayankha, koma maso ake anali pa dzanja la amayi ake, limene linali litayamba kusisita chiuno mobisa. Tiyi asanathe, a Nangozo anati, “Ife akumudzi mipando ya mabwana imatichititsa chizungulire,” n'kutsetserekera pansi akuseka.

M'mawa mwake Delifa anawapeza atakhala pachiundo cha khitchini, kuseri kwa nyumba, akusenda mtedza. Pansi pa phazi lamanzere anali ataikapo njerwa.

Masana amayi aja anafika atatchena. Anayamikira bokosi, ananunkhiza mkungudza, anakhala pamipando inayi ija n'kunena kuti Delifa ndi mwana koma ali ndi diso. Tiyi ali mkati, Mayi Sapuwa anasuzumira pazenera loyang'ana kuseri.

“Kodi mwapeza wantchito? Koma mwendowo adzatha kutunga madzi?”

Onse anatembenukira kwa Delifa, akudikira. Mawu oyenera anali pafupi, aafupi, osavuta. Koma amene anatuluka anali ena.

“Ndi akumudzi,” anatero motsitsa. “Angobwera kudzationa.”

Zenera linali lotsekula. Kunja kuja, kusweka kwa makoko a mtedza kunaleka kanthawi, kenaka kunayambiranso.

Alendo atapita, a Nangozo anatsuka makapu onse n'kuwavundikira bwinobwino. Dzuwa likupendeka anaitana mwana wawo.

“Ndaganiza kuti ndibwerere mawa ndi basi ya masana. Mbuzi ija ya mapasa sindinaisiye bwino. Ndakuona, uli bwino, nyumba yako ndi yabwino. Nthawi ikadzakwana amayi a kuno adzakuthandiza, ndaona kuti amakukonda.”

“Amayi, mwangofika kumene.”

“Mlendo ndi mame, mwana wanga.”

Ananena mopanda mkwiyo, ndipo chimenecho ndicho chinamulasa Delifa. Akanakalipa, iye akanalira, nkhani n'kutha. Koma amayi ake anadzitcha mlendo, ndipo anali atamva mawuwo kuchokera pakamwa pa mwana wawo yemwe.

Kutacha, linali Loweruka. Delifa anapinda nkhata, n'kusenza mpando wachinayi uja pamutu. Gelesomu anamuona akutuluka, n'kuyang'ana mbali yopanda mpando ija, ndipo anamvetsa zonse nthawi imodzi.

“Pita,” anatero. “Ine ndikhala pakhonde. Apongozi akatulukira kukhomo kuno sangandidutse, achita manyazi.”

Kuchisakasa kuja Che Ndembo anamulandira ndi chimwemwe. “Mayi wa diso! Mwabwera bwino, dzaoneni ntchito yanga.”

Mpando wa mlombwa unali pakati pa chisakasa, wopakidwa polishi, nkhanga zake zikunyezimira. Kachopondera kaja panalibe. Pamalo pake panali bala loyera la macheka.

“Ndauwongola dzulo,” anatero Che Ndembo monyadira. “Tsopano ndi mpando wa munthu aliyense. Bwana wina wauona kale, akubwera kudzautenga masana ano.”

Delifa anatsitsa mpando wa mbawa pang'onopang'ono.

“Chimene munadulacho chili kuti?”

“Chibenthu chija? Pa nkhuni apo, ngati akazi anga sanasonkhezere kale. Mlombwa umayaka bwino.”

Kuseri kwa chisakasa kunali mulu wa zibenthu ndi miyendo yothyoka ya matebulo, ndipo pambali pake moto unali kuyaka pansi pa ketulo. Delifa anagwada n'kuyamba kufukula ndi manja. Anataya ichi, anataya icho. Tizibenthu tinamulasa m'zala koma sanamve. Kachopondera kaja anakapeza pansi penipeni, kataphimbika ndi utuchi.

Anakapukuta ndi chitenje. Moyo wake wonse ankakaona kachopondera kameneka, koma anali asanakanyamulepo m'manja n'kukayang'ana pafupi. Pakati pake panali kadzenje kosalala, kakuda, kolowa ngati chikhatho cha mwana. Sompho sangasiye kadzenje kotero. Chinali chidendene cha amayi ake, chimene chinadya mtengo wolimbawo pang'onopang'ono, pa zaka zonse zimene anakhala pamenepo akumuyamwitsa, akumuluka tsitsi, akumusokera diresi la kusukulu. Pakona pake panali timabala ting'onoting'ono tondondozana. Amenewo anali mano ake iye mwini, a nthawi imene ankamera.

Pamenepo mawu aja a bambo ake, amene ankaganiza kuti sanawamve, anabwera onse athunthu, ndi fungo la utuchi lomwe. Delifa, amene sankakweza mawu ngakhale poitana nkhuku, anawanena mokweza, misozi ikugwera pa mtengowo.

“Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.”

“Mwati chiyani, mayi?” anafunsa Che Ndembo, amene anali ataima pambuyo pake.

Delifa anamuuza zonse: za mwendo, za chitsime, za zenera lotsekula, za basi ya masana. Anthu amene ankamudziwa Che Ndembo amati limenelo ndilo tsiku lokhalo limene anamuona atasowa chonena. Anavula kofia, n'kukanda dazi lija, n'kuvalanso.

“Ine ndimayesa ndikuchotsa chotupa,” anatero pomaliza. “Kani ndimadula mwendo wa munthu.”

“Nanga bwana uja?”

“Bwana ndimuuza kuti chiswe chadya usiku. Akakwiya akwiye, sanandibereke ndi iye.” Anakokera ngolo pafupi. “Musasenze, ndi wolemera uwu, ndipo inu simuli nokha m'thupimo. Ndikankha ndine.”

Anayenda choncho kudutsa mumsika, nkhalamba ikukankha ngolo, Delifa ali pambali atafukata kachopondera pachifuwa. Che Ndembo mawu anali atabwerera, ndipo aliyense womufunsa kuti katundu akupita kuti ankamuyankha kuti, “Kwa mwini wake! Mako ndi mako!” Atafika pa nyumba ya Mayi Sapuwa, mayiwo anali pakhonde.

“Aa, chokwerera pabulu chija chabwereranso?”

Delifa anaima. Sanayang'ane pansi.

“Ndi mpando wa amayi anga. Aja munawaona dzulo kukhitchini aja si antchito, ndi amayi anga ondibereka. Dzina lawo ndi a Nangozo. Mubwere mudzawapatse moni.”

Mayi Sapuwa anagwira pakamwa. “Mayo ine! Ndiye munandisiya ndilankhule zopusa zija? Dikirani ndivale mpango wabwino.”

Kunyumba, a Nangozo anali pachiundo cha khitchini, kamtolo kali kale komanga, ndodo ili pamiyendo. Delifa anagwada patsogolo pawo n'kuika kachopondera kaja pamiyendo yawo.

A Nangozo anakatembenuza, n'kulowetsa chala chachikulu m'kadzenje kaja.

“Ndinaona kuti palibe,” anatero. “Ndinati mwina nyumba inamuchepera mwana wanga.”

“Nyumba sinachepe, Amayi. Ndinausinthitsa. Ndipo dzulo ndinakukanani.”

“Ndinamva.” Anapitiriza kusisita mtengowo. “Ukudziwa kuti bambo ako sanandifunsire ndi pakamwa? Anali wamanyazi ngati iwe. Abale awo ankati, mkazi wotsimphina adzakulimira chiyani. Iwo osayankha. Anangobwera kwathu tsiku lina n'kuti, takhalani pachipika apa. Ine n'kukhala, osadziwa kanthu. Patapita mwezi ndinangoona mpando uli pakhomo. Nditakhalapo, phazi ili linapeza pansi koyamba chibadwire.” Anamugwira Delifa pachibwano n'kumudzutsa nkhope. “Leka kulira, ungamuphunzitse wam'mimbayo. Amuna ako ali ndi tchizulo?”

Gelesomu analibe tchizulo, ndipo chibadwire anali asanakhomepo kanthu koposa msomali wopachikapo jekete. Che Ndembo anamubwereka zipangizo. Koma panali vuto lina: mwa mwambo wa kwawo, mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankakhala pamodzi kapena kuyang'anana kumaso. Tsono Gelesomu anakhala ndi mpando pakhonde, a Nangozo anakhala mkati kuseri kwa chitseko, ndipo Delifa anaima pakhomo kunyamula mawu, ngakhale onse awiri ankamvana bwinobwino.

A Nangozo anati, “Uwauze apongozi kuti msomali ayi. Mlombwa umang'aluka. Aboole mabowo, alowetse zikhomo za mtengo.”

“Akuti msomali ayi.”

“Ndamva. Uwafunse kuti mabowo angati,” anatero Gelesomu.

“Uwauze kuti aone okha, si ana. Koma asaboolere chala, mwana akubwerayu adzafuna womunyamula.”

Che Ndembo anakhala pampando wake wa mbawa, umene unali utabwerera pangolo yomweyo poti anakana kuusiya wokha kuchisakasa, n'kumapereka malangizo otsutsana ndi a wina aliyense. Mayi Sapuwa anafika ndi nkhuku yamoyo m'khwapa, n'kugwada pakhomo kupereka moni wautali kuposa umene unkafunika. Basi ya masana inadutsa kumsewu ikuliza hutala. Palibe anaicheukira.

Dzuwa likulowa, kachopondera kanali katabwerera pamalo pake. Kanapendekeka pang'ono, ndipo mzere wa macheka unkaonekabe. Delifa ananyamula mpandowo mothandizana ndi mwamuna wake n'kukauika pabalaza, mbali ija ya tebulo imene inali yopanda kanthu. A Nangozo anatsamiritsa ndodo kukhoma, n'kukhala. Chidendene chinapita chokha m'kadzenje kake. Anatseka maso, n'kupuma mpweya wautali.

“Uwauze apongozi,” anatero, “kuti akhoza.”

Mwana anabadwa mvula itayamba, ndipo anagonekedwa koyamba pamiyendo ya agogo ake pampando womwewo. Mipando ya mbawa inakhalabe itatu mpaka kalekale. Alendo akafunsa za wachinayi wosafanana ndi inzakewo, Delifa sankadikira kuti amalize funso. Koma amene anafalitsa mawu aja anali Che Ndembo. Aliyense wobwera kudzasinthitsa mtondo wa amayi ake, kapena bokosi la agogo ake, pofuna chinthu chonyezimira, ankayamba wamva nkhani yonse ya mpando wa mlombwa, ndipo ena ankabwerera ndi katundu wawo. Kuchokera kuseri kwa msika mawuwo anakwera mabasi, n'kufika kumene mpandowo sunafikeko, mpaka anthu anaiwala mpando n'kusunga mawu okha: mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Tanthauzo lake si lovuta. Mipando timasankha: timagogoda, timanunkhiza, timatembenuza, ndipo wosatikomera timausiya. Mayi sasankhidwa choncho, ndipo sasinthitsidwa. Angakhale wolumala, wosauka, wosaphunzira, wolankhula zochititsa manyazi pamaso pa anzako a kusukulu kapena a kuntchito, ndi yemweyo amene anakunyamula usanadziwe n'komwe kuti miyendo ya anthu imasiyana. Akuluakulu amanenanso mwambiwu pokamba za kwanu kumene unachokera, ndi za abale amene dziko silingawayamikire. Chimene chimakuchititsa manyazi pa iwo kawirikawiri ndi pamene moyo unawadya akukulera iwe.

Tsono mukadzakhala ndi nyumba zanu, mudzasankhe katundu wokongola ndithu, palibe choipa. Koma musanadzaze pabalaza, mudzayambe mwaona ngati phazi la amene anakuberekani lili ndi poponda.